Gogo Robert Laws, Mmisiri wa Mpingo

Mawu okambidwa kwa Akhristu a CCAP okhala mu mzinda wa Cape Town, pa tsiku lokumbukira makolo a mpingo



Pa doko la mzinda uno, m'munsi mwa phiri la Table Mountain, pamafika sitima zikuluzikulu zonyamula katundu wa maiko ambiri. M'mwezi wa Juni chaka cha 1875 padadutsa pa doko lomweli kasitima kachitsulo kosakwana mapazi 50 m'litali, kali zidutswazidutswa m'mabokosi, kasadalumikizidwe n'komwe. Dzina la kasitimako lidali Ilala. Mmodzi mwa anthu oyang'anira mabokosiwo adali mnyamata wa zaka 24, mbusa wongodzozedwa kumene ndiponso dotolo wongotsiriza kumene maphunziro, dzina lake Robert Laws. Mnyamata ameneyo ndiye gogo amene mpingo ukukumbukira lero.

Wina angafunse chifukwa chake atchedwa gogo. Mwa ana asanu ndi atatu amene Dotolo Laws ndi mayi a kunyumba kwawo adabala, mmodzi yekha ndiye adakula. Koma kwa Achewa ugogo suyendera magazi okha. Munthu amene adakumba chitsime chimene mudzi wonse ukumwa amatchedwa gogo ngakhale ndi ana amene sadamuone. Ndiponso mwambo umapatsa mdzukulu ufulu umene mwana alibe: mdzukulu amaseka ndi agogo ake, ndipo amatha kuwauza zoona zimene mwana sangayerekeze kunena kwa atate ake. Mawu awa akambidwa mwa ufulu wa adzukulu, ndipo chifukwa chake atchula zoyenera kuyamika pamodzi ndi pamene gogo adaphonya.

Mwana wa mmisiri wa matabwa

Robert Laws adabadwa pa 28 Meyi 1851 ku Aberdeen, m'dziko la Scotland. Atate ake, a Robert Laws akulu, adali mmisiri wopala matabwa ndi kukhoma mipando ndi makabati, ndiponso munthu wopemphera wa mpingo wa United Presbyterian. Amayi ake adamwalira iye akali wamng'ono kwambiri. Pakhomo padalibe chuma, kotero kuti mnyamatayo adayamba msanga kuphunzira ntchito ya atate ake. Asadagwire mpeni wa dotolo kapena kukwera pa guwa, manja ake adali atazolowera kale sowo ndi chipalo. Kuchokera pa benchi ya ukalipentala adatenga khalidwe limene sadalisiye moyo wake wonse, khalidwe loyeza kawiri asadadule ndi losakhulupirira thabwa limene silidaume.

Akali mnyamata adawerenga za maulendo a David Livingstone, ndipo adayamba kupempha Mulungu kuti adzamtumize kwa Amakololo, anthu amene Livingstone adayenda nawo. Masana adali kugwira ntchito, usiku n'kumaphunzira, mpaka adalowa yunivesite ya Aberdeen. Adaphunzira za udotolo ndi za ubusa. Ali ku Glasgow, kumene adali kutumikira odwala m'chipatala cha matenda opatsirana, iye mwini adadwala nthomba kwakukulu, koma adachira.

Livingstone adamwalira m'chaka cha 1873 kwa Chitambo, m'dera la Ilala, ndipo adaikidwa ku London m'chaka cha 1874. Dotolo James Stewart wa ku Lovedale, kuno ku South Africa, adapempha mpingo wa Free Church of Scotland kuti utsegule mishoni ku Nyanja ya Malawi ndi kuitcha Livingstonia. Laws sadali wa mpingo umenewo, koma mpingo wake udamubwereketsa kwa anzawo. Adapita ngati wobwerekedwa, koma adakhala ku Malawi zaka 52.

Pa doko la Cape Town

Gululo lidanyamuka ku London m'mwezi wa Meyi 1875 pa sitima yotchedwa Walmer Castle. Mtsogoleri wake adali E. D. Young, munthu wa ntchito za pamadzi amene adaidziwa kale Zambezi ndi Shire. Padali amisiri awiri a injini, John McFadyen ndi Allan Simpson, kalipentala George Johnston, mlimi Alexander Riddel, mmalinyero William Baker, ndi Henry Henderson wa mpingo wa Church of Scotland amene adatumidwa kukafuna malo a mishoni ina. Mwa anthu onsewa mbusa adali mmodzi yekha, ndipo ambiri mwa otsalawo adali anthu a ntchito zamanja.

Atafika muno mu Cape Town adapeza chinthu chimene mabokosi awo adalibe, ndicho chilankhulo. Kale m'chaka cha 1861 Livingstone ndi Bishopu Mackenzie adamasula akapolo m'mapiri a Shire, ndipo mishoni ya ku Magomero itatha, ena mwa omasulidwawo adabwera nawo kuno ku Cape. Anayi mwa anthu otere adavomera kubwerera ngati omasulira mawu: Tom Bokwito, Sam Sambani, Lorenzo Johnston ndi Fred Zarakuti. Amalawi okhala mu Cape Town lero ayenera kuwadziwa maina amenewa, pakuti anthuwa adatsogola kukhala alendo mu mzinda uno, ndipo Uthenga Wabwino udayamba kumveka m'Chinyanja m'mbali mwa Nyanja kudzera pakamwa pawo. Tom Bokwito ndiye adayenda ndi Henderson kufikira atapeza malo amene mishoni ya Blantyre idamangidwa m'chaka cha 1876.

Kuchokera muno adakwera chombo cha matanga chotchedwa Harah, ndipo m'mwezi wa Julayi adafika pa Kongone, pamene Zambezi amathira m'nyanja ya mchere. Pamenepo adatsegula mabokosi, napeza kuti mabawuti olumikizira zitsulo adali atachita dzimbiri. Padalibe sitolo yogulako ena. Chomwe chidalipo ndi mchenga wa pagombe, ndipo adakhala pansi kukwecha bawuti lililonse palokha. Dotolo wa madigiri adakwecha nawo, nakhoma nawo zitsulo pa dzuwa la m'chigwa cha Zambezi, kufikira kasitima kadayandama.

Atakwera Zambezi ndi Shire adafika pa mathithi pamene sitima singadutse. Apa pemphero la ubwana wake lidayankhidwa, chifukwa mafumu a m'deralo adali Amakololo aja amene Livingstone adawasiya, ndipo iwo ndiwo adasonkhanitsa anthu onyamula katundu. Ilala adamasulidwanso, ndipo anthu mazanamazana adasenza zidutswa zake pamitu ulendo wa mailosi pafupifupi 60, m'njira ya miyala, m'nyengo yotentha. Palibe chidutswa chimene chidasowa. Mabuku adasunga maina a Azungu aja, koma maina a osenzawo sadalembedwe. Komatu popanda iwo Ilala akadathera m'munsi mwa mathithi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Pa 12 Okutobala 1875 Ilala adalowa m'Nyanja ya Malawi, sitima yoyamba ya nthunzi kuyenda pa nyanja zazikulu za pakati pa Africa. Adazimitsa injini, naimba Salimo 100. Malo amene adakhazikapo mishoni adali Cape Maclear, dzina limene Livingstone adatcha polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi amene adali kugwira ntchito muno mu Cape Town.

Manda asanu ndi Mkhristu mmodzi

Zaka zoyamba zidali zowawa. M'chaka cha 1876 Laws adachita opaleshoni pogwiritsa ntchito mankhwala ogonetsa, ndipo mbiri idafala yakuti dotoloyu amapha munthu n'kumudzutsanso. Chaka chomwecho kudafika alaliki anayi Achikhosa ochokera ku Lovedale: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Koma malungo sadasiye mishoni. Mngunana adamwalira m'chaka cha 1877, monganso Dotolo William Black. Pofika 1881 pa Cape Maclear padali manda asanu a antchito a mishoni, ndipo wobatizidwa adali mmodzi yekha, Albert Namalambe, amene adabatizidwa m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho.

Munthu wowerengera phindu akadatseka mabuku n'kubwerera kwawo. Chikhulupiriro cha Laws chidaonekera pamenepa, ngakhale sichidali cha mawu ambiri. Anthu amene adakhala naye adamdziwa ngati munthu wachete, wosaseka kawirikawiri, wogona mochedwa ndi wodzuka m'mamawa. Adakhulupirira kuti Mulungu ali ndi cholinga ndi dziko limenelo, ndi kuti ntchito ya mtumiki ndiyo kukumba maziko ngakhale khoma adzaliona ena. Adasamutsa likulu la mishoni kupita ku Bandawe, pakati pa Atonga, nasiya Cape Maclear m'manja mwa Namalambe. Ngakhale adasamukira kumpoto, Chinyanja sadachitaye. Adamasulira Chipangano Chatsopano m'Chinyanja, chimene chidasindikizidwa m'chaka cha 1886, ndipo m'chaka cha 1894 adatulutsa buku lomasulira mawu a Chingerezi m'Chinyanja.

Banja

Margaret Gray adadziwana ndi Robert Laws kuyambira ku Sande Sukulu ku Aberdeen. Adamdikira zaka zambiri, ndipo m'chaka cha 1879 adamtsatira ku Africa. Ukwati wawo udamangidwa ku Blantyre m'mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho. Mayi Laws adaphunzitsa atsikana kuwerenga, kusoka ndi kusamala pakhomo, ndipo nyumba yawo idali polandirira alendo, odwala ndi amishoni atsopano.

Koma nyumba imeneyi idadziwa maliro amene amayi ambiri a kumudzi amawadziwa. Mimba ndi mimba, ana adali kupita asadakule. Dotolo amene adachiritsa ana a anthu ena sadathe kupulumutsa ake. Mmodzi yekha adatsala, Amelia Nyasa Laws, wobadwa m'chaka cha 1886, amene makolo adamtcha dzina la nyanja. Ngakhale ameneyo sadakulire pamaso pawo, chifukwa adamsiya ku Scotland kuti aphunzire, iwo n'kubwerera ku ntchito. Amelia atakula adathandiza asilikali ovulala ku Ulaya pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo adamwalira m'chaka cha 1978. Mayi Laws adamwalira m'chaka cha 1921.

Abambo ndi amayi amene adasiya ana kwa agogo ku Dedza, ku Mzimba kapena ku Mangochi kuti adzagwire ntchito kuno ku Cape akudziwa kulemera kwa chinthu chimenechi koposa wolemba mbiri aliyense. Akudziwa kuti mwana wokulira kutali amalipira nawo mtengo wa ulendo umene iye sadausankhe. Banja la a Laws lidalipira mtengo umenewo, ndipo mpingo suyenera kukamba za misewu ndi magetsi n'kuiwala manda a tiana aja ndi mwana amene adakulira kutali ndi makolo ake.

Dzanja lopatsidwa kwa a ku Cape

M'chaka cha 1888 kudafika ku Bandawe mlendo wochokera kuno, Mbusa Andrew Charles Murray wa mpingo wa Dutch Reformed, amene adaphunzira ubusa ku Stellenbosch ndipo adatumidwa ndi kagulu ka abusa a ku Cape. Laws adamlandira, namlangiza za dziko ndi anthu ake. Pa 28 Novembala 1889 Murray ndi mnzake T. C. B. Vlok adakhazika mishoni pa Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere, ndipo m'chaka cha 1896 mishoni ya Nkhoma idatsegulidwa. Laws sadachite nsanje ndi munda. Malo ena amene Livingstonia idayamba kum'mwera, monga Livlezi ndi Cape Maclear yemwe, adaperekedwa kwa amishoni a ku Cape.

Mtima womwewo ndiwo udabala CCAP. M'mwezi wa Sepitembala 1924 mapresbitere a Livingstonia ndi Blantyre adalumikizana kukhala mpingo umodzi, ndipo Laws adasankhidwa kukhala Mtsogoleri woyamba wa Sinodi. Nkhoma idalowa m'chaka cha 1926. Chifukwa chake Mkhristu wa ku Nkhoma, wa ku Blantyre ndi wa ku Livingstonia onse angathe kumutcha munthu ameneyu gogo popanda kulanda gogo wa mnzake.

Mudzi wa pa phiri

Ntchito yaikulu ya umisiri idayamba m'chaka cha 1894, pamene Laws adasankha phiri la Khondowe, lokwera mapazi pafupifupi 3,000 pamwamba pa nyanja, kuti amangepo sukulu yaikulu ya Overtoun Institution. Malowo adali ozizira bwino ndi a malungo ochepa, koma adalibe msewu, ndipo madzi okwanira mudzi waukulu adali kutali. Laws sadaphunzire uinjiniya ku yunivesite monga adaphunzirira udotolo. Adauphunzira pa ntchito, m'mabuku, ndi kwa amisiri amene adali kuwaitanitsa kuchokera ku Scotland. Ali pa tchuthi kwawo, m'malo mopuma adakaphunzira za magetsi.

Zinthu zitatu zidachitika pa Khondowe zimene anthu adaziyesa zosatheka. Choyamba chidali msewu wochokera kugombe la nyanja kukwera phiri, wosemedwa m'matanthwe ndi makasu, mapiki ndi manja a anthu, wokhotakhota pafupifupi ka 20. Udatha m'chaka cha 1905, ndipo anthu amautcha Gorodi. Chachiwiri chidali madzi. Mipope yachitsulo idabwera pa sitima, idasenzedwa kukwera phiri, ndipo idayalidwa mailosi angapo kuchokera ku akasupe a m'mapiri a kumtunda. Popeza kasupe adali pamwamba kuposa mudzi, madzi adali kuyenda okha popanda injini yopopa, ndipo adafika pa mishoni m'chaka cha 1904. Chachitatu chidali magetsi. Mphamvu ya madzi a mtsinje wa Manchewe idazunguza makina, ndipo m'chaka cha 1905 nyale zidayaka pa Khondowe, pa nthawi imene midzi yambiri ya ku Scotland komweko idali kuunikirabe ndi mafuta. Mphamvu yomweyo idathandiza kuyendetsa makina a pa mishoni.

Laws sadaone kusiyana pakati pa ntchito zimenezi ndi ulaliki. Kwa iye madzi abwino adali mbali ya Uthenga Wabwino, chifukwa adaona ndi maso ake anthu akufa ndi madzi oipa. Pa sukuluyo anyamata adaphunzira uphunzitsi, ubusa ndi za chipatala, komanso ukalipentala, kuwaka, kusema miyala, kusindikiza mabuku, kusula ndi kukonza makina, kutumiza lamya ndi kulemba mabuku a ndalama. Ophunzira adachokera kumpoto kwa Malawi, kwa Achewa a ku Kasungu, ngakhalenso kum'mawa kwa dziko limene tsopano ndi Zambia. Pasadapite zaka zambiri, akalaliki ndi amisiri a ku Khondowe adali kupezeka m'maofesi ndi m'migodi kuyambira ku Katanga mpaka kuno ku Cape.

Chimodzi chiyenera kunenedwa za ndalama. Wopereka wamkulu adali Lord Overtoun, mwini fakitale ya mankhwala pafupi ndi Glasgow. M'chaka cha 1899 Keir Hardie adaulula poyera kuti antchito a pa fakitaleyo adali kugwira maola 12 pa tsiku, Lasabata lomwe, m'fumbi lowononga matupi awo. Choncho nyale za pa Khondowe zidayaka ndi thukuta la osauka a mbali ziwiri, osenza mipope a ku Malawi ndi antchito a ku Glasgow. Mpingo wolandira mphatso uyenera kumafunsa nthawi zonse kumene mphatsoyo yachokera.

Pamene mmisiri adachedwa

Tsopano adzukulu anene mawu ovuta aja. Khalidwe losakhulupirira thabwa losauma lidamthandiza Laws pa nyumba ndi pa misewu, koma pa anthu lidapweteka. Adafuna kuti Mwafrika aliyense ayesedwe zaka zambirimbiri asadapatsidwe udindo. Chifukwa chake chidali chomveka: adaopa kumanga mpingo pa maziko osalimba. Komabe anthu amene adayesedwa motero adaona kuti mnyamata wochokera ku Scotland adali kulandira msanga udindo umene iwo adaudikira zaka khumi.

Nkhani yowawa koposa ndi ya Charles Domingo. William Koyi adamtenga ku Quelimane akali kamwana m'chaka cha 1881, ndipo adakulira m'nyumba ya a Laws momwe. M'nyumba imene ana obadwamo adali kutha, mwana uyu adakula, naphunzira, nakhala mmodzi mwa ophunzira anzeru koposa pa Khondowe. Adatsiriza maphunziro a ubusa cha m'ma 1900, adaloledwa kulalikira, koma kudzozedwa sikudabwere. Atadikira chaka ndi chaka, m'chaka cha 1908 adachoka. Pambuyo pake adatsogolera timipingo ndi timasukulu tosauka m'dziko la Angoni, akulemberana makalata ndi Joseph Booth, amene nthawi imeneyo adali kukhala muno mu Cape Town. M'makalatamo adadzudzula Azungu, a mishoni omwe, chifukwa chosamuona Mwafrika ngati mnzawo. Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo a Laws adamlera Domingo ngati wawo. Chomwe chidawavuta ndicho kuvomera kuti mwanayo wakula.

Domingo sadali yekha. Elliot Kamwana, wophunzira wina wa pa Khondowe, adabwera muno mu Cape Town kwa Booth, ndipo atabwerera kwawo m'chaka cha 1908 adabatiza anthu zikwizikwi a ku Utonga amene adatopa ndi kudikira ubatizo zaka zambiri m'makalasi. Sinodi singavomereze chiphunzitso chimene Kamwana adabwera nacho, koma iyenera kufunsa chimene chidasonkhezera khamu lotere kumtsata. Blantyre idadzoza abusa ake oyamba, Harry Matecheta ndi Stephen Kundecha, m'chaka cha 1911. Livingstonia idadikira mpaka 1914, pamene Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa adadzozedwa. Apo n'kuti patapita zaka 39 chifikire Ilala, ndi zaka zisanu ndi zinayi chiyakire magetsi. Pa Khondowe nyale zamagetsi zidayamba kuyaka mbusa wachikuda asadakwere pa guwa ngati mbusa wodzozedwa.

Mdzukulu wobwerera pa doko

Komabe chipatso cha sukulu ija chidapitirira zimene mmisiri wake adayeza. M'chaka cha 1918 mudafika muno mu Cape Town mnyamata wa ku Chifira, pafupi ndi Bandawe, dzina lake Clements Kadalie, amene adaphunzira uphunzitsi ku Livingstonia. M'mwezi wa Januwale 1919 adayambitsa bungwe la antchito la ICU pakati pa anthu otsitsa ndi kukweza katundu pa doko, ndipo m'mwezi wa Disembala chaka chomwecho antchito a padoko adanyanyala ntchito pofuna malipiro oyenera. M'zaka za m'ma 1920 bungwelo lidakula kukhala gulu lalikulu koposa la antchito akuda mu South Africa. Pa doko lomwe lija pamene mabokosi a Ilala adadutsa, patapita zaka 44 mwana wa sukulu ya Laws adaimirira kunena kuti wosenza katundu ndi munthu, ndipo thukuta lake lili ndi mtengo. Gogo sadamtume Kadalie ntchito imeneyi. Koma amene adamphunzitsa kuwerenga, kulankhula pagulu ndi kudziwa kuti anthu onse adalengedwa m'chifanizo chimodzi sakadatha kumuikira malire a pamene chiphunzitsocho chikathere.

Laws adalandira ulemu wambiri. M'chaka cha 1908 adali Mtsogoleri wa Msonkhano Waukulu wa United Free Church of Scotland, ndipo kwa zaka zingapo adakhala m'bungwe lopanga malamulo la Nyasaland. Koma zaka zake zotsiriza zidali za kusowa ndalama. Lord Overtoun adamwalira m'chaka cha 1908, nkhondo idatenga antchito ndi chuma, ndipo loto lake lakuti pa Khondowe padzakhale yunivesite lidaoneka ngati loto la nkhalamba. Adachoka m'Malawi m'chaka cha 1927, tchalitchi chachikulu cha pa phiri chisadathe kumangidwa. Adamwalira ku London pa 6 Ogasiti 1934, ndipo adaikidwa kwawo ku Aberdeen. Yunivesite ya Livingstonia idatsegulidwa m'chaka cha 2003, patapita zaka 69 chimwalirire, ndipo amene adaitsegula ndi Amalawi, adzukulu a anthu aja amene adauzidwa kuti adikire.

Cholowa cha adzukulu

Mtumwi Paulo, pa 1 Akorinto 3, adadziyerekeza ndi mmisiri woika maziko, nachenjeza kuti ntchito ya womanga aliyense idzayesedwa. Ntchito ya Gogo Laws yayesedwa kwa zaka zoposa zana. Ilala woyamba adapita kalekale, ndipo sitima ya dzina lomwelo imene Amalawi amaidziwa ndi ina, ya m'chaka cha 1951. Mipope imachita dzimbiri, makina amatha, ndipo Gorodi amafuna kukonzedwa mvula ikapita. Chimene chatsala chosatha ndi anthu: mipingo ya m'Malawi, mu Zambia ndi mu Zimbabwe, pamodzi ndi timagulu ta Akhristu timene timasonkhana Lasabata m'maiko a eni ngati muno.

Kwa gogo ameneyu adzukulu atengeko zinthu ziwiri, ndipo chachitatu achikonze. Atengeko ulemu wa ntchito yamanja. Mmalawi wolima maluwa m'munda wa bwana, wowotcherera zitsulo, wophika m'hotela kapena wosamala okalamba mu mzinda uno asadziyese wochepa mu mpingo, pakuti Uthenga udafika ku Nyanja pa mabawuti okwechedwa ndi mchenga ndi pa mitu ya osenza. Atengekonso kupirira kwa munthu amene adaima pakati pa manda asanu ndi Mkhristu mmodzi osabwerera m'mbuyo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekha kumeneko kusasanduke chitseko chotsekera ana a mpingo. Mu mpingo uliwonse muli Domingo wake, mnyamata kapena mtsikana wokulira m'Sande Sukulu, wophunzira ndi wokonzeka, amene akudikira kuti akulu amuone. Akulu a mpingo akabwerera ku mabwalo awo amfunefune ameneyo, amutchule dzina, ampatse ntchito akadali pakati pawo.

Mulungu amene adatsogolera Robert ndi Margaret Laws, Tom Bokwito ndi anzake, William Koyi, Albert Namalambe, Charles Domingo ndi osenza aja osalembedwa maina, asunge mpingo wake kuno ku Cape ndi kwawo ku Malawi. Ameni.